Atatu pa tebulo limodzi: mafunso ndi mayankho pa mpikisano wa achinyamata wolankhula pagulu ku England ndi Wales

Chaka chilichonse sukulu zasekondale zambirimbiri za ku England ndi ku Wales zimatumiza ophunzira atatuatatu ku mpikisano wolankhula pagulu womwe umakonzedwa ndi bungwe la English-Speaking Union. Ana a mabanja athu okhala ku Britain amaphunzira m'sukulu zomwezi, choncho kholo likhoza kungomva tsiku lina mwana akuti, "Amayi, andisankha kuti ndikakhale wofunsa mafunso," osadziwa ngati n'zosangalatsa kapena n'zodandaulitsa. Aphunzitsi akumudzi omwe amayendetsa makalabu a mtsutso nawonso ali ndi choti atolepo pa momwe mpikisanowu unakonzedwera.

Kodi mpikisanowu ndi wa ndani, ndipo unayamba liti?

English-Speaking Union, yomwe ambiri amangoitchula kuti ESU, inakhazikitsidwa mu 1918 ndi mtolankhani Sir Evelyn Wrench, ndipo likulu lake lili mumzinda wa London. Mpikisano wa sukulu wolankhula pagulu unayambitsidwa mu 1960 ndi nthambi ya bungweli ya ku Brighton ndi Hove, kenako unafalikira m'madera ena. Masiku ano umadziwika ndi dzina loti ESU-Churchill Public Speaking Competition. Olowa ndi ophunzira a makalasi a Year 9 mpaka Year 11, kutanthauza ana a zaka zapakati pa 13 ndi 16. Amayamba kupikisana ndi sukulu zoyandikana nazo, opambana amapita ku ndime ya chigawo, ndipo otsala amakakumana pa ndime yomaliza ya dziko lonse.

Si wokhawu. Makalabu a Rotary a ku Britain ndi Ireland ali ndi wawo wotchedwa Youth Speaks, ndipo makalabu a alimi achinyamata, a Young Farmers, nawonso amapikisanitsa matimu a anthu atatu. Wa ESU ndausankha chifukwa cha lamulo lake limodzi lomwe limasintha zonse.

Kulankhula pagulu timadziwa kuti ndi ntchito ya munthu mmodzi. Timu ikubweramo bwanji?

Timu iliyonse imakhala ndi wapampando, wolankhula ndi wofunsa mafunso. Wolankhula amasankha mutu pa mndandanda womwe bungwe limatumiza kusukulu nthawi ikadalipo, n'kuukonzekera kwa masabata. Ali ndi ufulu wogwirizana ndi mutuwo kapena kuutsutsa. Wapampando amatsegula mwambo, kulandira wolankhula, kuyang'anira nthawi ya mafunso ndi kuomba mkota. Wofunsa amafunsa wolankhulayo mafunso m'malo mwa anthu onse omwe akumvetsera.

Lamulo lija ndi ili: atatuwa sakhala pa tebulo limodzi. Wapampando ndi wofunsa a sukulu imodzi amalandira wolankhula wa sukulu ina, pamene wolankhula wawo wapita kukakhala mlendo kwa wapampando ndi wofunsa a sukulu inanso. Ndiye kuti mwana amene akukudziwitsa kwa anthu, kukuyamikira ndi kukufunsa mafunso ndi yemwe mukulimbirana naye chikho. Malikisi ake amachuluka akakuthandiza kuti nkhani yako imveke bwino, ndipo malikisi ako amachuluka ukayankha mafunso ake mwaulemu ndi mwanzeru. Pamapeto oweruza amaphatikiza malikisi a ana atatu a sukulu imodzi, ngakhale kuti anagwira ntchito m'magulu osiyana.

Amene anaganiza zimenezi anaona patali. Akanati anzako a sukulu imodzi azikufunsa, bwenzi mafunso ndi mayankho zonse zitalowezedwa kalekale, anthu n'kumaonera sewero. Pamene wokufunsayo ndi mlendo, palibe chobisalira. Aliyense ayenera kutchera khutu.

Tsiku la mpikisano zimayenda bwanji?

Mwambo usanayambe, wapampando ndi wofunsa amauzidwa mutu wa mlendo wawo ndipo amapatsidwa pafupifupi theka la ola kuti acheze naye. Nthawi imeneyi ndi imene munthu amaonera ana ochenjera. Atatu omwe sanaonanepo akhala pa ngodya ya holo, aphunzitsi ali patali. Wapampando ali ndi timakhadi m'manja, akufunsa dzina ndi katchulidwe kake koyenera, akufunsa chomwe chinamukopa mlendoyo kuti asankhe mutu umenewu. Wofunsa akufufuza mbali yomwe nkhaniyo ilowere kuti ayambe kuganizira mafunso. Wolankhula wanzeru sabisa mfundo zake ngati chuma, chifukwa amadziwa kuti akawabisira anzakewo adzamufunsa zosagwirizana ndi zomwe wakonzekera, ndipo wovutika adzakhala iye yemwe.

Akakhala pa tebulo, zonse zimatenga mphindi 14. Wapampando amatsegula kwa mphindi imodzi. Wolankhula amayankhula kwa mphindi 5. Wofunsa amakhala ndi mphindi 4 zocheza naye. Kenako wapampando amapereka mphindi 2 kwa anthu omvera kuti afunse, ndipo amatseka ndi mphindi 2 zoomba mkota. Wosunga nthawi amakhala pambali. Mukawerengetsa, nthawi yomwe mwana amalankhula zomwe anakonzeratu kunyumba ndi yochepa kuposa nthawi yomwe atatuwo amalankhula zobadwira pomwepo.

Mwana wanga sanamusankhe kukhala wolankhula, amupatsa zofunsa mafunso. Kodi sanamuchepse?

Ayi ndithu, ndipo pa funso limeneli ndikhalitsapo, chifukwa makolo ambiri timalakalaka kuona mwana wathu ataimirira yekha kutsogolo, holo yonse ili chete. Malikisi a wapampando ndi a wofunsa mukawaphatikiza amaposa a wolankhula, choncho sukulu yomwe ili ndi katswiri wolankhula koma anzake awiri ali ofooka siipita patali. Kuwonjezera apo, pamakhala mphoto yapadera ya wofunsa wabwino, monganso ya wapampando ndi ya wolankhula.

Koma nkhani si ya malikisi okha. Mwa ntchito zitatuzi, ine ndimaona kuti yofunsa ndiyo yovuta kwambiri. Wolankhula anakhala ndi masabata, anayeserera pamaso pa aphunzitsi, pagalasi, ngakhale pamaso pa ang'ono ake. Wofunsa ali ndi theka la ola lija ndi mphindi 5 zomwe mlendo akulankhula. M'mphindi zimenezo ayenera kumvetsera, kulemba, kusankha mfundo zoyenera kuzitsatira, ndi kutaya mafunso omwe anakonza ngati mlendoyo wawayankha kale m'nkhani yake. Mwana wa zaka 14 amene angathe kutaya funso lomwe amalikonda chifukwa waona kuti latha ntchito, ameneyo waphunzira chinthu chomwe akuluakulu ambiri pamisonkhano sitinachidziwe.

Tiyerekeze kuti mtsikana walankhula zoti mafoni aletsedwe kusukulu. Wanena kuti amasokoneza maphunziro, ndipo watchula kuti iye mwini anayamba kugona bwino atasiya kulowa ndi foni kuchipinda. Wofunsa wosakonzeka amawerenga papepala: "Kodi mafoni ali ndi ubwino wanji?" Funso limeneli akanatha kulilemba asanamuone n'komwe mtsikanayo. Wofunsa womvetsera amati: "Mwanena kuti munayamba kugona bwino mutasiya kulowa ndi foni kuchipinda. Zimenezo munasankha nokha, kunyumba. Kodi lamulo la sukulu lingabweretse phindu lomwelo kwa mwana amene sanasankhe yekha?" Mtsikana akayankha, wofunsayo sathamangira ku funso lachiwiri la papepala. Amatola mawu a m'yankholo: "Mwati makolo athandizane ndi sukulu. Nanga ana omwe amayenda ulendo wautali pa basi, makolo awo n'kumadalira foni kuti adziwe kuti afika, muwathandiza bwanji?" Apa anthu omvera amayamba kuweramira kutsogolo, chifukwa akuona anthu awiri akuganiza pamaso pawo.

Onaninso kuti mafunsowa ndi olimba koma si achipongwe. Wofunsa saloledwa kusanduka mdani wofuna kugwetsa mnzake. Ntchito yake ndi kutulutsa zomwe wolankhula sanathe kuzinena m'mphindi 5, ndi kuyesa ngati mfundo zake zili ndi mizu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa kwabwino nakonso kumachita kuphunziridwa, ndipo ndi malo ochepa omwe mwana amapatsidwa mphoto chifukwa cha luso limeneli.

Nanga wapampando, si wongotsegula ndi kutseka basi?

Aliyense amene anakhalapo pa ukwati womwe wotsogolera mwambo anali wosokonekera akudziwa yankho: mayina a akuluakulu kutchulidwa molakwika, wina kulankhula mpaka chakudya kuzizira, anthu osadziwa chotsatira. Wapampando wa mpikisanowu ndi mwini bwalo. M'mphindi yake yoyamba ayenera kuchititsa anthu kufuna kumva mutuwo, koma osadya mfundo za mlendo wake, ndiponso osaonetsa mbali yomwe iye ali. Nthawi ya mafunso a anthu omvera ikafika, iye ndiye amasankha dzanja. Funso likakhala lalitali kapena losamveka, amalibwereza mwachidule kuti mlendo ndi anthu akumbuyo alimve. Holo ikangoti zii, popanda wokweza dzanja, ayenera kukhala ndi funso lake lomwe wasunga kuti mlendo asachite manyazi.

Povuta kwenikweni ndi pa kuomba mkota. M'mphindi 2 ayenera kulumikiza zomwe wolankhula ananena, zomwe wofunsa anafukula, ndi zomwe anthu anafunsa. Zimenezi sizingalembedwe dzulo lake. Wapampando amene wangobwereza mawu ake otsegulira amadziulula yekha kuti sanali kumvetsera.

Kodi zimenezi zikusiyana bwanji ndi mtsutso womwe timaudziwa m'sukulu?

Pa mtsutso pamakhala mbali ziwiri, yovomereza ndi yotsutsa, ndipo imodzi iyenera kugonja. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa World Schools Debating Championships, womwe unayamba mu 1988 ku Australia, timu iliyonse imaimiritsa olankhula atatu, aliyense mphindi 8, ndipo mbali yomwe muime simusankha nokha. ESU nayonso ili ndi mpikisano wake wa mtsutso wotchedwa Schools' Mace, womwe unayamba mu 1957. Mtsutso umanola mwana kupeza msanga pofooka pa mfundo za mnzake, ndipo phindu lake ndi losakayikitsa. Vuto lake n'lakuti mwana akhoza kuzolowera kumvetsera ndi cholinga chimodzi chokha, chopeza pobaya. Mpikisano wa atatuwu umamuphunzitsa kumvetsera kuti amvetse, ndi kutsutsa popanda kunyoza. Mwana amene walawa zonse ziwiri ndi wamwayi.

Oweruza amayang'ana chiyani? Mwana wobadwira ku Lilongwe kapena ku Chipata, amene Chingerezi chake chimamveka chakwathu, ali ndi mwayi?

Pa maluso omwe ESU imaphunzitsa pali magulu anayi: kuganiza bwino ndi kupereka umboni, kusanja mfundo ndi kudziwa yofunika kuposa inzake, kumvetsera ndi kuyankha, ndiponso kalankhulidwe ndi kaimidwe pamaso pa anthu. Atatu mwa magulu amenewa sakhudzana n'komwe ndi kamvekedwe ka lilime la munthu. Lachinayi likufuna kuti mawu amveke mpaka kumbuyo, liwiro likhale loyenera, maso ayang'ane anthu, ndipo nkhope ndi manja zigwirizane ndi zomwe zikunenedwa. Ku Britain komweko mwana wa ku Newcastle, wa ku Cardiff ndi wa ku London salankhula mofanana.

Oweruza ndi anthu, ndipo munthu amakhala ndi zomwe khutu lake linazolowera. Komabe langizo langa kwa makolo ndi lakuti musamuumirize mwana kusintha lilime kuti amveke ngati wowerenga nkhani pa BBC. Mwana amene akulimbana ndi kutsanzira katchulidwe ka eni dziko amaiwala mfundo, amaumitsa khosi, ndipo anthu amaona kuti sali pamtendere. Muthandizeni kuchepetsa liwiro, kumaliza mawu, ndi kupuma pamene mfundo yatha. Chinanso, mwana woleredwa mwaulemu wakwathu anaphunzitsidwa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano. Muuzeni momveka kuti pa bwalo ili kuyang'ana oweruza ndi anthu omvera ndiwo ulemu womwe akuuyembekezera, ndipo kutero sikuchotsa khalidwe lake lapakhomo.

Kodi wolankhula aloweze nkhani yonse pamtima?

Ana akwathu kuloweza amakutha, ndipo chiyeso chake ndi chachikulu. Koma mbiri ya munthu amene mpikisanowu unatengera dzina lake ili ndi chenjezo. Mu April 1904, Winston Churchill ali phungu wa zaka 29, ankalankhula m'nyumba ya malamulo ya House of Commons pa nkhani ya mabungwe a anthu apantchito. Nkhani yake anali atailoweza yonse. Atatsala pang'ono kumaliza, mutu unangoima. Anabwereza chiganizo, osapeza chotsatira, mpaka anakhala pansi nkhani isanathe. Kuchokera pamenepo ankalowa m'nyumbayo ndi mapepala, mawu ake atalembedwa m'mizere ifupiifupi yosonyeza popumira. Mapepala amenewa amasungidwa ku Churchill College ku Cambridge.

Nkhani yolowezedwa liwu ndi liwu imadalira kuti liwu lililonse likoke linzake, ndipo limodzi likasowa, zonse zotsatira zimasowa nalo. Mwana adziwe mfundo zake zitatu kapena zinayi, adziwe chitsanzo cha mfundo iliyonse, aloweze chiganizo chotsegulira ndi chotsekera, zotsalazo azilembe mwachidule pa timakhadi. Kuwerenga papepala mutu uli pansi nakonso kumataya malikisi. Ndipo kumbukirani kuti pambuyo pa mphindi 5 pali mphindi 6 za mafunso, zomwe kuloweza sikungamupulumutse. Kunyumba, m'malo momumvetsera akubwereza nkhani kakhumi, mumvereni kamodzi kenako mumufunse mafunso ovuta pamene mukudya.

Dzina la Churchill silikoma m'makutu mwa aliyense. Tiziti bwanji kwa ana athu?

Churchill anali wapampando wa ESU kuyambira 1921 mpaka 1925, ndipo bungwe la International Churchill Society limathandiza mpikisanowu. Kwa anthu a ku Britain iye ndi mtsogoleri amene mawu ake analimbitsa dziko mu 1940 pamene Germany inkaoneka yosagonjetseka. Kwa ife mbiri yake ili ndi tsamba lina. Anali nduna yoyang'anira maiko a atsamunda mu 1921 ndi 1922, ndipo boma lomwe ankatsogolera kuyambira 1951 mpaka 1955 ndilo linakhazikitsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, ngakhale mafumu ndi chipani cha Nyasaland African Congress anakana poyera. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chaka chomwecho chifukwa cholimbikitsa anthu ake kukana. Chitaganyacho chinatha mu 1963.

Sindikuona chifukwa chobisira mwana mbali iliyonse ya mbiriyi, ndiponso sindikuona chifukwa chomuletsera kulowa mpikisano. Agogo athu anakana chitaganya ndi pakamwa, pamisonkhano ndi m'makalata, zipolowe zisanayambe, ndipo amene anali ndi mphamvu sanafune kumva. Mdzukulu wawo akaima mu holo ya ku England n'kufotokoza mfundo yake mpaka oweruza kugwedeza mutu, sakunyoza agogowo. Ndipo mutu ukalola, ali ndi ufulu wonena mbiri imeneyi pa bwalo lomwelo, malinga abwere ndi umboni.

Kodi zimathandiza pa mayeso?

Pang'ono, mwachindunji. Ku England, pa mayeso a GCSE a Chingerezi, wophunzira amayenera kulankhula pamaso pa anthu ndi kuyankha mafunso. Zotsatira za gawo limeneli zimalembedwa padera pa satifiketi ndipo sizilowa mu giredi ya 9 mpaka 1, n'chifukwa chake sukulu zina siziliikira mtima kwambiri. Mwana amene wadutsa mu mpikisanowu gawo limeneli salimva kulemera. Phindu lalikulu limadzaoneka mtsogolo, pa intavyu ya ntchito kapena ya kuyunivesite, pomwe munthu amafunsidwa zomwe sanayembekezere ndi anthu omwe sanawaonepo.

Mphunzitsi wa ku Dedza, Katete kapena Angónia angayambe bwanji zoterezi popanda ndalama?

Zofunika ndi tebulo, mipando itatu ndi wotchi. Gawani kalasi m'matimu a atatuatatu, ndipo lamulo losinthana olankhula musalisiye, chifukwa mukalisiya mwataya mtima wa zonsezi. Pa phunziro la mphindi 40 mukhoza kumva magulu awiri n'kutsala ndi nthawi yokambirana. M'kalasi ya ana ambiri, omwe sali pa tebulo asakhale ongoonerera: aliyense alembe funso limodzi, ndipo ena atatu akhale oweruza, afotokoze chifukwa chomwe aperekera malikisi awo.

Mitu ichokere pa zomwe anawo akuziona: kuotcha makala, mtengo wa feteleza, kubwerera kusukulu kwa atsikana omwe anabereka, ntchito za kabaza. Mwana amene bambo ake amaotcha makala ali ndi umboni womwe buku silingamupatse, ndipo wofunsa wake adzakhala ndi zambiri zofukula. Musamangopereka mpando wa wolankhula kwa ana omwewo odziwika ndi pakamwa. Sinthanitsani maudindo teremu iliyonse kuti wolongolola alawe ntchito yokhala chete n'kumalemba, ndipo wamanyazi ayambire pa kufunsa, pomwe maso a anthu sakhala pa iye yekha.

Chilankhulo chisakhale chotchinga. Yambani m'Chichewa, kuti ana aphunzire kusanja mfundo, kufunsa motsatira yankho ndi kuomba mkota m'chilankhulo chomwe amaganizira. Teremu yotsatira chitani zomwezo m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, pa mitu yomwe anaikambapo kale. Zikakhazikika, itanani sukulu yoyandikana nayo Loweruka lina, kuti wolankhula wanu akafunsidwe ndi mwana amene sakumudziwa.